Ayimbe, Koma Atsirize Sukulu

Anzathu ophunzira, amayi ndi abambo, lero tili ndi mlandu woti tikambe. Mlandu wake ngwa ana athu.

Mwezi wa Juni, nthawi ya cisanu, amayi ena a m'kalasi mwathu kuno ku Tsangano adajomba masiku atatu. Atabwera tidawafunsa ngati adadwala. Iwo adati: "Aphunzitsi, kudwala ayi. Mwana wanga wathawa sukulu. Wagulitsa matumba anayi a mbatata ya kacewere, ndalama watenga, akuti wapita kumzinda kukajambula nyimbo." Mnyamatayo adali m'kalasi 8. Kudatsala caka cimodzi ndi theka kuti atsirize kalasi 9.

Titakumana ndi aphunzitsi anzathu a ku Furancungo ndi a ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, tidapeza kuti nkhani njomweyo. Uko mwana amatenga ndalama za fodya. Kuno amatenga za mbatata ndi tirigu. Wina afuna kuyimba. Wina afuna kuvina m'mavidiyo. Wina afuna kuseketsa anthu pa foni. Onse akunena mawu amodzi: "Sukulu ikundicedwetsa."

Ife tikukana. Tikuti mwana wosiya sukulu cifukwa ca nyimbo walakwitsa, ndipo kholo lomulola lalakwitsa kawiri. Tifotokoza cifukwa cake.

Nyimbo sitidana nayo

Poyamba timvane. Ife sitidana ndi nyimbo. Kuno kwathu palibe nchito yopanda nyimbo. Posinja pali nyimbo. Paukwati pali nyimbo. Pamaliro pali nyimbo. Angoni ali ndi ngoma yawo, amayi ali ndi cintali, Acewa ali ndi Gule Wamkulu. M'caka ca 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Mozambique, Malawi ndi Zambia ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Ife timanyadira zimenezi.

Luso la kuyimba ndi mphatso. Mwana waluso tiyenera kumulimbikitsa. Funso lathu ndi ili: kodi kuti munthu ayimbe, ayenera kutaya kope ndi pensulo? Makolo athu ankavina atakolola. Palibe adasiya munda uli ndi udzu n'kumati ng'oma ndiyo idzamudyetsa. Cinthu ciliconse cili ndi nyengo yake. Nyengo ya mwana wa zaka 14 ndi ya sukulu.

Tidacokera kutali

Inu amene mwakhala pa mabenci awa mukudziwa mtengo wa umbuli kuposa ife. Dziko lathu litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa anthu 100 aliwonse sankadziwa kuwerenga ndi kulemba. Atsamunda sadafune kuti mwana wa mlimi aphunzire. Adafuna manja ake okha. M'caka ca 1978 boma lidayambitsa kampeni yoyamba ya dziko lonse yophunzitsa akulu kuwerenga.

Kenaka kudabwera nkhondo. Sukulu zidatsekedwa, zina zidawotchedwa. Anthu a ku Tsangano, Angónia ndi Macanga adathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza. Anthu a ku Mozambique okwana pafupifupi miliyoni imodzi adakhala m'Malawi ngati othawa nkhondo. Mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ambiri a inu mudabwerera kwanu mutakula, sukulu itakudutsani. Simudasankhe. Nkhondo ndiyo idakusankhirani.

Kalembera wa 2017 adapeza kuti mwa anthu 100 a zaka 15 kupita m'tsogolo, anthu 39 sankadziwabe kuwerenga. Mwa amayi, pafupifupi theka. Nchito sidathe.

Tsono taonani ana a lero. Sukulu ili pafupi. Kuyambira 2003 dziko lidayamba kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri, cinenero ca kwawo ndi Cipwitikizi, ndipo Cinyanja cathu cidali m'gulu la zoyamba kuyesedwa kuno ku Tete, kuyambira 1993. Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense ayenera kuphunzira kuyambira kalasi 1 mpaka kalasi 9. Cimene agogo ake adacilirira, mdzukulu akucitaya ndi manja ake. Kodi ife tingokhala cete?

Cikomekome ca mkuyu

Mwana amaona woyimba pa foni. Wavala bwino. Wayima pambali pa galimoto. Anthu akumuwombera m'manja. Mwana amati moyo ndi umenewu. Koma akulu adati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyeni ticite masamu monga timacitira m'kalasi. Kuti nyimbo ijambulidwe, woyimba alipira mwini studiyo. Kuti afike kumzinda, alipira galimoto. Kumzindako alipira pogona ndi cakudya. Akafuna vidiyo, alipiranso wojambula. Zonsezi ndi ndalama zoturuka.

Nanga zolowa zili kuti? Nyimbo ikaturuka, mnyamata wa kompyuta pamsika amaiyika m'makhadi a foni. Wogula amalipira mnyamata wa kompyutayo. Woyimba salandira kanthu. Wogula uja amatumizira mnzake, mnzakeyo amatumizira mudzi wonse. Nyimbo imveka m'mabaraka onse kuyambira ku Biriwiri mpaka ku Ulónguè, koma mwini wake alibe ya sopo. Kuchuka si ndalama. Kuwomba m'manja sikugula feteleza.

Mwana amaona woyimba mmodzi amene zamuyendera. Saona anzake ambiri amene adayamba naye limodzi. Iwo saoneka pa foni. Ali m'misika ya ku Tete, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg, akusenza katundu wa eni ake, akucita manyazi kubwerera kwawo. Wayilesi siulutsa maina a olephera.

Nkhani ya Solomon Linda

Wina anena kuti: "Koma mwana wanga ngwaluso zedi. Nyimbo yake idzamveka dziko lonse." Cabwino. Timve nkhani ya munthu amene nyimbo yake idamvekadi dziko lonse.

Solomon Linda adali Mzulu wa ku South Africa. M'caka ca 1939, mumzinda wa Johannesburg, iye ndi gulu lake adajambula nyimbo yochedwa Mbube ku kampani ya Gallo. Nyimboyo idagulidwa kwambiri. Koma Linda adapereka umwini wa nyimboyo ku kampani ndi masheleni 10. Iye adapitiriza kugwira nchito yolongedza malekodi pa kampani yomweyo.

Nyimbo ija idawoloka nyanja. Ku America adaikonzanso, ndipo mu 1961 idaturuka ndi dzina lakuti The Lion Sleeps Tonight. Mu 1994 idalowa m'kanema wa Disney wochedwa The Lion King. Anthu ena adalemera nayo. Solomon Linda adamwalira mu 1962 ali wosauka. Banja lake lidakhala zaka zambiri lisadathe kuyika mwala pamanda ake. Ana ake adapita kukhoti mu 2004, ndipo mlandu udatha ndi pangano mu 2006, patapita zaka 44 bambo wawo atamwalira.

Kodi Linda adasowa luso? Iyayi. Luso adali nalo loposa. Cimene cidamugonjetsa ndi pepala. Nyimbo imayimbidwa ndi pakamwa, koma umwini wake umalembedwa pa pepala. Amene akudziwa pepala ndiye amadya. Ndipo amene adabweza cuma ku banja la Linda adali anthu a zolembera: mtolankhani amene adafufuza nkhaniyo ndi maloya amene adawerenga malamulo.

Inu alimi a fodya a ku Macanga mukuzidziwa izi. Pamakhala pangano lolembedwa. Pamakhala ngongole ya feteleza. Pamakhala sikelo ndi magiredi. Wosadziwa kuwerenga amangodinda cala n'kudikira zimene amuuze. Malonda a nyimbo ndi cimodzimodzi. Ku Mozambique kuli bungwe la SOMAS loteteza eni nyimbo ndi eni mabuku. Ku Malawi kuli COSOMA. Koma kuti bungwe likuteteze, uyenera kulembetsa nyimbo yako, kudzaza mafomu ndi kumvetsa zimene ukusaina. Zimenezi zimafuna sukulu.

Tiyankhe zonena zawo

Anyamata ali ndi mfundo zawo. Tisazinyoze. Tiziyankhe.

Mfundo yoyamba: "Ophunzira ambiri alibe nchito. Taonani uje, adatsiriza kalasi 12, koma akulima ngati ife." Izi n'zoona, ndipo n'zowawa. Sitinganame kuti setifiketi iliyonse imabala nchito ya mu ofesi. Nchito n'zocepa m'dziko muno. Koma tifunse: kodi mlimi wa kalasi 12 ndi mlimi wosawerenga ali cimodzimodzi? Wophunzira amawerenga malangizo a pa botolo la mankhwala a mbatata. Amawerengera mtengo wa thumba asadakumane ndi wogula. Amadziwa kusintha makwaca kukhala metikali popanda kuberedwa pamalire. Amawerenga yekha uthenga wa M-Pesa, sapatsa munthu wina nambala yake yacinsinsi. Mpata wa nchito ukapezeka, iye ali ndi pepala loonetsa. Wosiya sukulu, nyimbo ikakanika, ali ndi ciyani m'manja?

Mfundo yaciwiri: "Luso silidikira. Ndikacedwa anzanga andipitirira." Ife tikuti cimene sicidikira ndi sukulu. Mawu a munthu sathawa ali ndi zaka 18. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, m'Malawi, adabadwa mu 1930, ndipo mu 2020 adali kuyimbabe, dziko n'kumamvera. Gitala umatha kuigwira uli ndi imvi. Koma benci la kalasi 8 silidikira munthu wa ndevu, wa mkazi ndi ana atatu. Inu nomwe ndinu mboni. Mukudziwa kuvuta kwa kugwira pensulo ndi dzanja limene lagwira khasu zaka 40, maso atayamba kuona mwa cimbuuzi.

Mfundo yacitatu: "Oyimba akale sadapite kusukulu, koma adachuka." Inde, ena adachuka. Koma ambiri mwa iwo sadapite kusukulu cifukwa sukulu kudalibe, kapena adakanizidwa. Ndipo tafunsani kuti angati adamwalira ali ndi nyumba yabwino. Nthawi yasinthanso. Woyimba wa lero amalemba kalata yopempha malo oyimbira. Amatsegula akaunti ku banki. Amafuna pasipoti. Malamulo a YouTube ndi Facebook adalembedwa m'Cingerezi ndi m'Cipwitikizi. Wosawerenga amafuna munthu womuwerengera, ndipo womuwerengerayo ndiye amasanduka mwini cuma.

Mfundo yacinayi: "Kunyumba kulibe ndalama ya yunifolomu ndi makope." Mfundo iyi ndiyo yolemera kuposa zonse, ndipo sitiipeputsa. Umphawi ulipo. Sukulu za sekondale zili kutali ndi midzi yambiri. Aphunzitsi ena amajomba. Izi tiyenera kuzinena poyera m'khonsolo ya sukulu ndi kwa akuluakulu a maphunziro a m'boma. Koma tawerengerani. Matumba anayi a mbatata amene adapita ku studiyo akadagula makope angati? Ngati ndalama ya nyimbo idapezeka, ya sukulu ikadapezekanso.

Amene adagwira zonse ziwiri

Pali ana a dziko lino amene adaonetsa njira.

Malangatana, wojambula zithunzi wamkulu wa Mozambique, adabadwa ku Matalana mu 1936. Ali mnyamata adapita ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo. Adagwira nchito yotola mipira pa bwalo la tenisi. Ndi nchito imeneyo adapeza mpata wophunzira sukulu ya usiku. Masana nchito, usiku kope. Zithunzi zake zidaonetsedwa m'maiko ambiri, ndipo mu 1997 UNESCO idamucha mmisiri wa mtendere. Iye sadaone sukulu ngati mdani wa luso lake. Adaifunafuna atatopa ndi nchito.

Maria de Lurdes Mutola adakulira ku Chamanculo, mu Maputo, akusewera mpira ndi anyamata. Wolemba ndakatulo José Craveirinha ndiye adaona luso lake n'kumulimbikitsa kuthamanga. Mu 1988, ali ndi zaka 15, adathamanga kale pa masewera a Olimpiki ku Seoul. Mu 1991 adapita ku Oregon, ku America, kumene adalowa sukulu ya sekondale uku akuphunzira kuthamanga. Mu 2000, ku Sydney, adapambana mendulo ya golide pa mamita 800. Munthu amene dziko lidamudziwa kale adakhalanso pa benci la sukulu. Nanga mwana wathu wa nyimbo imodzi ndiye wakula kuposa benci?

Mlandu wa ife makolo

Tisaloze cala ana okha. Ifenso tili ndi mlandu.

Alipo makolo amene amaturutsa mwana m'kalasi nthawi yosoka fodya kapena yokumba mbatata. Mwana akajomba mwezi wathunthu amabwerera m'mbuyo. Akalephera mayeso amacita manyazi. Akacita manyazi amafuna njira ina yoti anthu amuone. Nyimbo imamupeza ali wotayika kale.

Alipo makolo amene amakondwera mwana akabwera ndi kandalama ka kuvina pa baraka usiku. Amalandira, safunsa kuti mawa adzuka bwanji kupita kusukulu.

Za atsikana ndiye tinene mosabisa. Akabwera munthu wacikulire n'kunena kuti, "Ndipatseni mwanayu akavine m'vidiyo yanga kumzinda," tifunse mafunso. Akagona kuti? Amuyang'anira ndani? Abwera liti? Atsikana ena amapita ndi kope, amabwerera ndi mimba. Lamulo la 2019 likuletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo wokwatitsa mwana amalangidwa. Kholo lisagulitse tsogolo la mwana ndi citenje.

Akuluakulu a kudambwe ndi a magule ena nawonso atithandize. Mwambo ngwathu ndipo tiusunge. Koma ukhale ndi nthawi yake, pa chuthi, sukulu itatsekedwa. Mfumu ikanena mawu amodzi pa nkhaniyi, mudzi wonse umamva.

Pepala lija

Tibwerere kwa amayi aja. Mwana wawo adabwerako patapita miyezi inayi. Adabwera wowonda, nsapato atagulitsa. M'foni mwake mudali nyimbo imodzi. Tidaimvera. Tinene zoona: nyimboyo njabwino. Mwanayo ali ndi mawu.

M'thumba mwake mudali pepala limene adasaina ku studiyo. Amayi ake adabwera nalo m'kalasi. Adati: "Aphunzitsi, tiwerenge pamodzi. Ndifuna ndimve ndekha." Lidalembedwa m'Cipwitikizi. Tidalemba mawu ovuta pa bolodi. Amayiwo adaloza ndi cala, liwu ndi liwu, ife tikumasulira. Tidatha ola lathunthu. Pepalalo lidati nyimbo ndi ya mwini studiyo, ndipo ndalama iliyonse yocokera m'nyimboyo ndi yake. Mnyamata adalipira matumba anayi a mbatata kuti apatse munthu wina nyimbo yake. Adasaina osamvetsa.

M'kalasi mudali zii. Kenaka abambo ena acikulire adati: "Ife tidadinda cala cifukwa sitidaphunzire. Uyu wasaina ndi bolopeni, koma wagwa m'dzenje lomwelo." Abambowo adanena zoona. Kudziwa kulemba dzina n'ciyambi cabe. Sukulu ya theka siteteza munthu.

Mnyamatayo sadabwererebe kusukulu. Akuti anzake amuseka. Amayi ake anena kuti nthawi yolembetsa ikafika apita naye okha kwa mkulu wa sukulu. Ife talonjeza kuwaperekeza. Akakana sukulu ya masana, pali ya usiku kumene ilipo, palinso maphunziro a sekondale a patali ochedwa PESD. Khomo silidatsekeke. Koma caka cimodzi catayika, ndipo mbatata ija sibwerera.

Ticite ciyani?

Tikupempha zinthu zisanu.

Coyamba, mwana aliyense atsirize kalasi 9, monga lamulo likunenera. Wokhoza apitirire mpaka kalasi 12 kapena ku sukulu ya nchito zamanja.

Caciwiri, mwana waluso apatsidwe nthawi yoyimba: Loweruka, pa chuthi, m'kwaya ya ku chalichi, pa zikondwerero za sukulu. Tisamuphwanyire gitala. Tikamuletsa zonse, adzathawa.

Cacitatu, mwana asasaine pepala lililonse popanda kholo ndi munthu wodziwa kuwerenga bwino. Safunsa adadya phula.

Cacinayi, mwana akajomba sabata imodzi, kholo ndi mphunzitsi akumane. Tisadikire kuti mwezi uthe.

Cacisanu, ife akulu tisajombe m'kalasi mwathu. Mwana amene amaona amayi ake akunyamula kope madzulo aliwonse sanganene kuti sukulu njopanda pake. Kubwera kwanu kuno ndi phunziro kwa ana anu.

Ayimbe ana athu. Tifuna kuwamva pa wayilesi, akuyimba m'Cinyanja cathu, akuchula Tsangano ndi Macanga. Koma tsiku limene adzapatsidwa pepala, adzaliwerenge okha mpaka mzere womaliza, ndipo pamene pali cinyengo adzakane kusaina.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'mudzi mwanu alipo ana amene adasiya sukulu caka cino? Adasiya cifukwa ciyani?

2. Nyimbo ikagulitsidwa m'khadi la foni pamsika, ndalama amalandira ndani?

3. Solomon Linda adagulitsa nyimbo yake ndi ndalama zingati? Cidamugonjetsa n'ciyani?

4. Kodi mudadindapo cala pa pepala limene simudalimvetse? Cidacitika n'ciyani?

5. Mwana wanu atanena kuti, "Sukulu ikundicedwetsa," mungamuyankhe bwanji?

Nchito yolemba

Lembani m'kope mwanu maina a ana a pakhomo panu. Pambali pa dzina lililonse lembani zaka zake ndi kalasi imene ali. Mubwere nazo pa phunziro lotsatira.